Kusaka mawu otsutsana a Chingerezi pa foni: zomwe ndinakumana nazo

Pa ntchito zonse za Chingerezi zomwe ana amabwera nazo kuchokera kusukulu, ya mawu otsutsana ndi imene imaoneka yophweka. Big ndi small, tall ndi short, aliyense amene anapondako m'kalasi amangoyankha osaganiza n'komwe. Koma mwana akafika Sitandade 7 ndi 8 zinthu zimasintha. Mufunseni kholo liwu lotsutsana ndi generous, kapena scarce, kapena humble, muona likuyamba kukanda m'mutu n'kumati dikira kaye ndimalize kudya.

Ine ndimakhala ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene walemba mayeso a Sitandade 8 posachedwapa. Chingerezi changa ndi cha Fomu 4, chokwanira kulembera kalata ndi kuwerengera nyuzipepala. Dikishonale ya pepala m'nyumba mwathu mulibe, ndipo mtengo wake m'masitolo a mabuku si wamasewera. Choncho foni yanga ndiyo inkagwira ntchito madzulo aliwonse tikatha kudya nsima. Masamba a pa intaneti onena za mawu otsutsana alipo ambirimbiri, aulere, koma sagwira ntchito mofanana, ndipo ena akhoza kumulakwitsa mwana amene akanakhoza payekha.

Poyambira pa aliyense ndi pa Google. Mumalemba opposite of kenako liwu lomwe mukufuna. Dzina la mawu otsutsana m'Chingerezi ndi antonyms, ndiye mukalemba generous antonym zotsatira zake zimakhala zolunjika bwino. Njira ina imene ndinaikonda ndi kulemba define generous. Kawirikawiri pamwamba penipeni pamatuluka kabokosi ka matanthauzo ochokera ku Oxford Languages, ndipo pansi pa tanthauzo pamakhala mzere wolembedwa Similar, wa mawu ofanana nalo, ndi wina wolembedwa Opposite, wa mawu otsutsana nalo. Si mawu onse amene ali ndi mzere wachiwiriwo, koma ukakhalapo umathandiza msanga ndipo sudya bandulo yambiri.

Vuto linatulukira tsiku lina aphunzitsi atawapatsa ziganizo zoti asinthe liwu lotsekedwa mzere kunsi kwake. Chiganizo china chinali chakuti My bag is light. Mtsikanayu anatenga foni ine ndili kubafa, anapeza tsamba lina lokhala ndi mndandanda wa mawu awiriawiri, n'kulemba kuti My bag is dark. Mawa lake anabwera nkhope ili gwa, kope lili m'manja, aphunzitsi atamuthetha ndi cholembera chofiira.

"Amalume, komatu ndi momwe alembera pa foni panupa. Light, dark. Taonani."

Ndinayang'ana, zoonadi analemba choncho, ndipo sananame. Ndinamufunsa kuti, "Chikwama chakochi ukamati chili light, ukunena kuti chikuwala?"

Anaseka. "Ayi, ndikunena kuti n'chopepuka."

"Nanga chikapanda kupepuka?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anadzimenya pachipumi. "Heavy!"

Yankho ankalidziwa kale. Chomwe chinamusokoneza ndi mndandanda uja, umene unaika liwu limodzi kumanzere ndi limodzi kumanja ngati nkhani yathera pomwepo. Liwu la Chingerezi palokha lilibe lotsutsana nalo. Chimene chili ndi chotsutsana nacho ndi tanthauzo lomwe liwulo lanyamula m'chiganizo, ndipo mawu ambiri amene ana amakumana nawo tsiku ndi tsiku ali ndi matanthauzo angapo. Old akamanena munthu, yankho ndi young. Akamanena nsapato, yankho ndi new. Right pa samu amatsutsana ndi wrong, pa dzanja amatsutsana ndi left. Hard wa mayeso ndi easy, hard wa mkate wouma ndi soft. Fresh wa buledi ndi stale, koma fresh water ya m'nyanja yathu ya Malawi imatsutsana ndi salt water ya ku Beira. Kuyambira pamenepo tsamba lililonse ndinkaliyesa ndi liwu lomweli la light. Likandipatsa yankho limodzi lokha, kapena likasakaniza dark ndi heavy mumtolo umodzi osanena kuti ili ndi la tanthauzo liti, ndinkalitseka.

Masamba amene anapambana mayeso angawa ndi madikishonale olembera anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Woyamba ndi Oxford Learner's Dictionaries. Gwero lake ndi dikishonale ya A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo a Oxford anayamba kuisindikiza mu 1948. Ambiri a ife tinaionako m'laibulale ya kusekondale, yonenepa, chikuto chitathothoka. Pa intaneti ndi yaulere. Mukalemba light n'kusankha kuti mukufuna mfotokozi, osati dzina kapena mneni, matanthauzo amabwera ndi manambala. Pa tanthauzo la kuwala alembapo opposite dark, pa tanthauzo la kupepuka alembapo opposite heavy, ndipo lililonse lili ndi ziganizo za chitsanzo. Mwana amafananitsa chiganizo cha m'kope mwake ndi zitsanzozo, n'kudzipezera yekha nambala yoyenera.

Longman Dictionary of Contemporary English, imene pa intaneti imapezeka ndi dzina lakuti ldoceonline, imachita chimodzimodzi, kungoti imafupikitsa n'kulemba OPP. Ubwino wa Longman ndi wakuti matanthauzo ake amalembedwa ndi mawu osavuta pafupifupi 2,000 okha, ndiye mwana wa kupulayimale safunika kutsegula liwu lachiwiri kuti amve loyamba. Mtsikana wathu anaikonda kwambiri imeneyi. Cambridge Dictionary nayo ndi yabwino, ndipo pa mawu ambiri imaika kachizindikiro konena msinkhu wake, kuyambira A1 wa oyamba kumene mpaka C2 wa akatswiri. Mukapeza mayankho awiri, lina A2 lina C2, la mwana wa Sitandade 8 ndi loyambalo. Onse atatuwa ali ndi kabatani komvetsera katchulidwe ka liwu, zomwe buku la pepala silingachite.

Madikishonale amenewa amapereka liwu limodzi kapena awiri basi, ndipo pa mawu ena sapereka n'limodzi lomwe. Pamenepo mpamene mumapita ku mtundu wina wa masamba wotchedwa thesaurus. Ntchito yake si kutanthauzira koma kusonkhanitsa mawu ofanana ndi otsutsana. Amene anatchukitsa buku la mtunduwu ndi dokotala wina wa ku England, Peter Mark Roget, mu 1852. Iye anasanja mawu motengera maganizo, ndipo maganizo otsutsana anawaika moyang'anizana pa tsamba limodzi. Masiku ano pa intaneti pali thesaurus ya Merriam-Webster, ya Collins, ndi Thesaurus.com. Zitatuzi zimagawa mawu motengera tanthauzo. Merriam-Webster imalemba as in kutsogolo kwa gulu lililonse, Collins imalemba in the sense of. Muyambe mwawerenga timitu timeneti musanatenge liwu lililonse, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Mukadumpha kamutu n'kuthamangira liwu loyamba lomwe maso agwerapo, mwabwerera ku chikwama cha dark chija.

Pa Merriam-Webster muona kuti gulu la mawu otsutsana analitcha Antonyms & Near Antonyms, kutanthauza kuti muli otsutsana enieni ndi ena ongoyandikira. Tengani dry. Lotsutsana nalo lenileni ndi wet, koma pamndandanda mupezanso damp, moist, soggy ndi soaked. Onsewa akunena za kunyowa, koma chinyezi cha zovala zomwe sizinaumitsitse ndi chosiyana ndi kunyowa kwa munthu amene mvula yamupeza panjira. Pa mayeso akufuna wet. Enawo ndi a pa chimangirizo, pamene mwana akufuna kuti nkhani yake ikome. Palinso WordHippo ndi Power Thesaurus, amene amapereka mawu ochuluka zedi, ndipo pa Power Thesaurus owerenga okha ndi amene amavota kuti liwu ili likwere pamwamba. Kwa munthu wamkulu amene akulemba lipoti ndipo liwu langomuthawa pakamwa, ndi abwino. Kwa mwana amene sanadziwe kusankha, kuchulukako n'kumene kumamumiza. Ine ndinkawatsegula ndekha, iye ayi.

Lamulo lomwe tinakhazikitsa linali lakuti liwu lililonse lotengedwa mu thesaurus lipite kaye ku Longman kapena ku Oxford, tikaone tanthauzo lake ndi chitsanzo, kenako tiliike m'chiganizo cha aphunzitsi n'kuwerenga mokweza. Zimatenga nthawi, inde, ndipo masiku ena mwana amakhala ali ndi tulo. Koma khutu limagwira zomwe diso laphonya.

Chinthu china chimene masamba ambiri sanena n'chakuti mawu awiri otsutsana ayenera kulemera mofanana, ngati miyala ya pa sikelo ya wogulitsa nyama. Hot amapita ndi cold, warm amapita ndi cool, boiling amapita ndi freezing. Big ndi small, koma huge ndi tiny. Like ndi dislike, koma love ndi hate. Old ndi new, koma ancient ndi modern. Mwana akalemba small pa huge sikuti waphonyeratu, koma ngati mwa mayankho anayi osankhapo muli tiny, ndiye kuti wataya malikisi. Ayeneranso kukhala a mtundu umodzi wa mawu: dzina ndi dzina, mneni ndi mneni, mfotokozi ndi mfotokozi. Success ndi failure, succeed ndi fail, successful ndi unsuccessful. Pa thesaurus, pamwamba pa gulu lililonse pamalembedwa noun, verb, adjective kapena adverb, ndipo ana amapadumpha pamenepa kawirikawiri.

Pali gulu lina la mawu amene amatsutsana chifukwa akunena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri: buy ndi sell, give ndi receive, teach ndi learn, lend ndi borrow. Awiri omalizawa amatipweteka ife a Chichewa chifukwa timati ndibwereke cholembera, timatinso ndabwereka cholembera, mneni yemweyo. N'chifukwa chake m'makalasi mwathu mumamveka borrow me your pen. Mndandanda ungakuuzeni kuti lend ndi borrow n'zotsutsana, koma sungakuuzeni kuti wopereka ndani, wolandira ndani. Ziganizo za chitsanzo za m'madikishonale aja ndi zimene zinamuthandiza mwanayu kuona kuti mwini cholembera ndiye amachita lend.

Kumene tinakhalitsa kwambiri ndi pa timaphatikizo ta kumayambiriro kwa mawu: un-, in-, im-, il-, ir-, dis-. Ana amatikonda chifukwa timaoneka ngati njira yachidule. Masamba ambiri amapereka lamulo lakuti im- amapita kutsogolo kwa p ndi m, monga impossible ndi immature, il- kutsogolo kwa l monga illegal, ir- kutsogolo kwa r monga irregular. N'zoona ndithu, koma lamuloli likungonena momwe in- amasinthira maonekedwe. Silikunena kuti liwu lililonse loyamba ndi p litenga im-. Popular ndi unpopular, lucky ndi unlucky, reliable ndi unreliable, loyal ndi disloyal. Mtsikanayu atangophunzira lamulo lija anayamba kupanga mawu akeake, impopular, irreliable, ali ndi chikhulupiriro chonse. Mankhwala ake ndi osavuta: liwu lomwe wapangalo alilembe mu dikishonale. Likapanda kutuluka, ndiye kuti kulibe.

Ndiye pali misampha yeniyeni. Pa magalimoto ena onyamula mafuta mumaona atalemba Highly Inflammable. Munthu wotsata lamulo la in- angaganize kuti mafutawo sayaka, chonsecho inflammable ndi flammable tanthauzo lake ndi limodzi, chinthu chosachedwa kugwira moto. Lotsutsana nawo ndi non-flammable. Invaluable si chinthu chopanda phindu, koma chamtengo wapatali kopitirira valuable. Chopanda phindu ndi worthless. Priceless nayenso ndi chinthu chodula kosati n'kuchiikira mtengo, osati chaulere. Infamous ndi munthu wotchuka ndithu, koma ndi zoipa. Wosatchuka ndi unknown. Mawu amenewa tinawalemba pa tsamba lawolawo kumapeto kwa kope, ndipo ndinaona kuti ndi amene ankawakumbukira msanga, mwina chifukwa ankakawayesa anzake kusukulu n'kumawaseka akalakwa.

Muzionanso kuti tsambalo ndi la ku Britain kapena la ku America. Sukulu zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain. Merriam-Webster ndi ya ku America, ndiye ikupatsani dishonor pamene aphunzitsi akufuna dishonour. Nthawi zina kusiyanako kumafika pa tanthauzo. Kuno tikati munthu ali smart timanena kuti watchena, monga amanenera ku Britain, ndipo lotsutsana nalo ndi scruffy kapena shabby. Ku America smart kwenikweni ndi wanzeru, ndiye tsamba la kumeneko liyamba ndi stupid. Oxford, Longman, Cambridge ndi Collins ndi a ku Britain, ndipo pamene pali kusiyana amalembapo kuti ili ndi British, ili ndi American.

Aphunzitsi ena akamati opposites amaphatikizamo za amuna ndi akazi: bull ndi cow, ram ndi ewe, nephew ndi niece, host ndi hostess. Zimenezi mu thesaurus simungazipeze bwino. Lembani masculine and feminine nouns, mupeza mindandanda yake. Zoyeserera nazo zilipo zambiri. Mukalemba antonyms worksheet grade 6 pdf kapena grade 7 mupeza mapepala oti n'kukasindikiza, kungokumbukira kuti kunja amati grade pamene ife timati Sitandade. Masamba a British Council otchedwa LearnEnglish Kids ali ndi masewera a mawu, koma amafuna netiweki yabwino.

Nkhani ya bandulo siingalekedwe. Masamba ena amadzaza ndi zotsatsa malonda, mavidiyo ongodziyambira okha, ndipo mukamafufuza mawu khumi mupeza mamegabaiti apita osadziwa kuti apita liti. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali netiweki nayo imayamba kuvuta, ndipo nthawi yake imakhala yomweyo ya homuweki. Chomwe chinatipulumutsa ndi pulogalamu ya WordWeb. Mumaichita dawunilodi kamodzi, makamaka pamene mwapeza Wi-Fi, kenako imagwira ntchito popanda intaneti. Maziko ake ndi WordNet, nkhokwe ya mawu imene George Miller ndi anzake anaiyamba ku yunivesite ya Princeton mu 1985. Mu WordNet afotokozi anasanjidwa mozungulira mawu awiriawiri otsutsana, monga wet ndi dry, ndipo n'chifukwa chake WordWeb imaonetsa antonyms mosavuta. Matanthauzo ake ndi ouma poyerekeza ndi a Longman, zitsanzo n'zochepa, koma usiku wa mdima imayankha. Pamene ndinkaiika pa kompyuta ya mnzanga ndinaseka nditawerenga lamulo lake lakuti yaulereyo ndi ya anthu amene sakwera ndege kopitirira kawiri pa chaka. Ife a minibasi lamulo limeneli silitikhudza.

Amene ali ndi malo okwanira mu foni angathenso kuika Kiwix, pulogalamu yosungira Wikipedia ndi Wiktionary kuti muziwerenga popanda intaneti. Mu Wiktionary mawu ambiri ali ndi antonyms ake, kawirikawiri atasonyezedwa kuti ndi a tanthauzo liti. Wiktionary yonse ya Chingerezi ndi yaikulu kwambiri, koma ya Simple English ndi yaing'ono ndipo imamukwanira mwana wa kupulayimale.

Za mapulogalamu ocheza nawo aja, amene mumangowafunsa n'kukuyankhani ngati munthu, ndinene mwachidule. Mukawapatsa liwu lokha, akupatsani yankho lililonse. Mukawapatsa chiganizo chonse n'kufunsa lotsutsana ndi liwu lakutilakuti m'chiganizomo, amachita bwino. Koma amayankha molimba mtima mofanana akakhoza ndi akalakwa, ndiye yankho lawo lizidutsanso pa dikishonale. Komanso mwana akazolowera kungokopera, tsiku la mayeso foni imatsala kunyumba.

Mukamafufuza mupezanso nkhani zakale zolangiza masamba amene pano kulibe. Lexico inatsekedwa mu 2022, ndipo Macmillan Dictionary ya pa intaneti inatsekedwa mu 2023. Musataye bandulo kuwasaka. Kutsekedwa kwa masamba kotereku n'kumene kunandilimbikitsa kuti zomwe tapeza tizisunga m'kope, osati m'foni. Tinagula kope la masamba 80. Pa liwu lililonse mwanayu ankalemba chiganizo, kunsi kwake chiganizo chomwecho ndi liwu lotsutsana. My bag is light, my bag is heavy. The room is light, the room is dark. Mawu awiri okha opanda chiganizo sindinkawalola m'kope limenelo.

Chimene chingakuchitikireni inunso ndi kusiyana kwa yankho la pa intaneti ndi la aphunzitsi. Pa generous mtsikanayu analemba stingy, pamene pa pepala la mayankho la aphunzitsi panali mean, ndiye anamuthetha. Onse awiri ndi olondola. Mean ndi momwe amanenera kwambiri ku Britain za munthu woumira. Iye anafuna kukatsutsa m'kalasi anzake akumva. Ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti alembe pa kapepala tanthauzo la stingy monga lilili mu Longman, adikire nthawi yopuma, apite yekha akanene kuti, "Aphunzitsi, pepani, ndimafuna mundithandize ngati liwu ili nalonso lingakhale yankho." Anachita zomwezo. Aphunzitsi anawerenga, anachonga, ndipo anamuuza kuti onse awiri awasunge, koma pa mafunso osankha ayang'ane kaye lomwe lilipo pa mayankho anayiwo, chifukwa olemba mayeso saika onse awiri pa funso limodzi.